Mazira Obiriwira a Pasaka

Mpaka lero ndikamva fungo la penti, manyazi amandigwira ngati ndavula pamsika. Tamverani mmene zinakhalira.

Ndimagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ya abwana ena ku Area 12, ndipo ndimagona m'kanyumba kakuseri. Nthawi imeneyo akazi anga, amayi a Tiya, anali atatha milungu itatu kwa achemwali awo ku Area 4. Chifukwa chake? Mkwiyo wangawu (ndinaponyera wailesi kukhoma timu yanga itagonja; wailesiyo inalibe mlandu, ndikuvomera).

Lamulungu la Pasaka m'mawa anabwera ndi Tiya, mwana wathu wa zaka ziwiri, atamuveka kadiresi koyera kogula kumsika wa Tsoka.

"Ndikupita kutchalitchi. Mwana mukhale naye mpaka masana," anatero. "Ndikangomva kuti mwakalipa, ngakhale kamodzi, musadzandifunsenso zobwerera."

"Ine kukalipa? Pa Pasaka?"

"Mwayamba kale kukweza mawu."

Abwana ndi banja lonse anali atapita kwawo ku Rumphi. Mumpanda monse munali zii, kumangomveka nyimbo za kutchalitchi chapatali. Tinatsala atatu: ine, Tiya ndi Bobi, galu wa abwana. Tiya amandiyang'ana ngati mlendo. Ndikamunyamula amangoti "Mama", nkuloza kugeti. Zimenezo zinandilasa mtima.

Ndiye ndinakumbukira kuti chaka chatha ndinaona adona akubisa mazira amitundumitundu m'maluwa, zidzukulu zawo nkumawasaka zikukuwa ndi chimwemwe. Ndinati basi, wanganso asake mazira lero. Nanga kubisa dzira kumafuna satifiketi? (Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6.)

Ndinatenga mazira asanu amene ndinasungira ndiwo. Zowiritsa kaye sizinandibwerere m'mutu. M'galaja munali penti wobiriwira wotsala popenta geti. Ndinawanyika limodzilimodzi nkuwabisa pansi pa maluwa asanaume.

"Tiya, saka dzira! Lili kuti dzira?"

Loyamba analipeza nkulifinya ndi manja onse awiri, phwa! Anaseka. Kanali koyamba kundisekera m'milungu itatu, moti za diresi ndinaiwala. Lachiwiri anadzipaka m'tsitsi. Lachitatu analikhalira. Kenako anathamangira kukhonde la abwana, nkudinda timanja tobiriwira pakhoma loyera, mzere wonse mpaka pachitseko.

Mtima unayamba kuwira. Ndinaluma mlomo: mwana ayi, mwana ayi. Pocheuka, ndinapeza Bobi kuseri kwa maluwa akumeza dzira lomaliza, lachinayi atalimaliza kale, mphuno ili biriwiri.

Apo ndiye ndinaphulika.

"Chitsiru iwe! Wakuba! Umangodya nkugona, ntchito sugwira! Lero ndikumenya uone!"

"Bambo a Tiya!"

Akazi anga anali pageti, Baibulo kukhwapa. Galuyo samamuona, maluwa anamubisa. Anathamanga nkunyamula mwana, bulauzi yawo yoyera nkubiriwiranso pomwepo.

"Mukutukwana mwana?"

"Ndikutukwana galu!"

Bobi anatuluka yekha akunyambita milomo, ngati mboni yoitanidwa. Akazi anga anayang'ana galu, anayang'ana khoma, anayang'ana mwana, kenako ine.

"Mazira aja amakhala a chokoleti, bambo inu. Amagula kushopu."

Ndikanadziwa bwanji? Ine adona amangondiitana masewera atatha, kuti ndidzasese.

Anamupukuta Tiya ndi mafuta ophikira. Pochoka anaima pageti, mwana ali kumbuyo.

"Mwana simunamukalipire, ndaona. Koma kukalipa mwakalipa. Galuyo mumupepese kaye, za ine tidzaziona."

Geti litatsekeka ndinakhala pansi ndi Bobi, ndiwo kulibe, khoma likundidikira. Ndinamupepesa ndithu, mwaulemu, mpaka kumutchula kuti "inu". Ndinamuuzanso kuti ndaphunzira, kukalipa ndasiya lero lomwe.

Bobi anandimvetsera bwinobwino, kenako nkusanzira penti pansapato zanga zokhazo zabwino. Zimene ndinamuyankha anazimva mpaka anthu a nyumba yachitatu.