Nkhope ya bwana pa thewera la Yamikani

Anzanga, musamaderere ntchito yolera mwana, ine inandivula ulemu dzuwa likuswa mtengo.

Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, ife atelala tikudyerera. Makina anga anali pakhonde pa nyumba yathu ku Nkhunga, ndipo bwana wina wofuna uphungu anandipatsa nsalu zokhala ndi nkhope yake kuti ndisokere madiresi a amayi ovina a chipani chake. Apo n'kuti tili ndi khanda, Yamikani, ndipo ine ndi amake sitinkamwerananso madzi. Mwana akalira ndinkangoti, "Ndili pantchito." Iwo amvekere, "Ntchito yake pakhomo pomwe pano? Mwanayu ndinabereka ndekha?" Mpaka anayamba kutchula zopita kwa ankhoswe.

Ine matama: "Pitani kunyanja ku Ngala mukapikule usipa wanu wogulitsa, mwanayu ndisiyireni. Kulera n'chiyani?"

Anangoseka, n'kunyamula beseni.

Asanafike n'kumsewu komwe, mwana waipitsa thewera. Ndasintha. Ndamudyetsa phala lambiri kuti agone, si nzeru zimenezo? Waipitsanso! Matewera ena onse ali pachingwe, akudontha. Ndinangotola chidutswa pansi pa makina osachiyang'ana, kulunga, kubaya phini, n'kubwerera kosoka ndikuimba mluzu.

Chakumasana ndinamva galimoto ndi nyimbo. Bwana uja wabwera yekha kudzatenga madiresi, amayi ovina ali pambuyo. Mukuwadziwa andale akaona khanda. Anamunyamula Yamikani n'kumukweza m'mwamba kuti onse aone: "Tsogolo lathu ndi ili!"

Nyimbo inaduka. Zii! Pamatako pa mwana wanga panali nkhope ya bwanayo ikumwetulira, ndipo phala lija linali litatuluka kale, likuyenderera pachipumi pa chithunzicho. Ine ndikuona ntchito yapita, banja nalo lapita.

Ndiye amake akulowa, beseni pamutu. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine, n'kugwada mwaulemu: "Bwana, musadandaule, uyu ndiye wavota kale."

Amayi aja anafa nalo phwete, wina mpaka kukhala pansi. Bwanayo anaseka mokakamiza, koma madiresi anatenga.

Anthu atapita, amake anandiponyera sopo. "Muli pantchito, bambo a Yamikani?"

Ndinachapa ndithu, nkhope ya bwana ndinaipikicha mpaka inayera. Kuchokera tsiku limenelo mwana akalira makina amaima, ndipo sindidzamanganso mwana nsalu ndisanaone kuti pali nkhope ya ndani.