Foni m'thumba la mbatatesi

Lolemba

Zakwana! Kuyambira lero Yamikani sakhudzanso foni mpaka Loweruka. Loweruka ndi mayeso a katekisimu wa Ulimbitso. Chaka chatha analephera, anzake onse n'kulimbitsidwa, ine make ndili kumbuyo kwa tchalitchi nditazyolika. Manyazi amenewo sindiwafunanso.

Foniyi tinagula nthawi ya Kovidi, sukulu zitatseka, ati ana aziphunzirirapo. Sukulu zinatsegula kalekale, koma mwana wanga analowa m'magemu ndipo sanatulukemo.

Dongosolo la sabata:
– m'mawa, katekisimu
– akaweruka kusukulu, kudimba
– madzulo, ndimufunsa ndekha
– foni, aiwale!

Ndamulanda. "Amayi, ndimalize kaye iyi yokha." Iyi yokhayo anaiyamba ali sitandade fayifi.

Lachiwiri

Ndabisa mu ndowa ya ufa. Waipeza. Ndabisa m'jombo za bambo ake. Waipeza! Mwana yemweyu ndikamutuma mchere umene uli pamphuno pake amabwera n'kunena kuti kulibe.

Ndafunsa: mphatso za Mzimu Woyera zilipo zingati? "Zambiri." Akuyankha maso ali kukhoma, zala zikungodinadina pabondo popanda kanthu. Mtima ukundiwawa, kunena zoona.

Bambo ake sakuthandiza. "Musiyeni, amake Yami, ana a masiku ano ndi choncho." Atatero ulendo wa kubawo.

Tsopano ndaikulunga m'jumbo, ndaikankhira pakati penipeni pa thumba la mbatatesi, ndasokanso pakamwa pake. Sindinauze munthu. Aipeze tione!

Lachitatu

Ndabwera kuchokera kudimba, matumba a mbatatesi kulibe. Onse! Bambo ake awakweza pangolo m'mawa, akagulitsa pa Chimbiya kwa Che Saidi, aja amatumiza mbatatesi ku Lilongwe.

"Mukanandiuza," akutero. Ndikanawauza, Yamikani akanadziwa tiyi asanazizire.

Ndalira kaye, poti foni m'nyumba muno ndi yomweyo. Kenako ndaseka ndekha kukhitchini. Mwina Mulungu wayankha m'njira yake. Ipite ikakazingidwe ndi tchipisi!

Yamikani sanadye. Wakhala pakhonde ngati wofedwa, chisanu chonsechi, juzi osavala.

Lachinayi

M'mawa wanena Malamulo a Mulungu mpaka lachinayi, lolemekeza atate ndi amayi. Walinena mondinyogodola, komabe walinena. Ndayamba kuimba.

Ndafulumira kuimba. Masana ndapeza kheni yothiririra ili pachitsime, kabichi wafota, mwana kulibe.

Alamu anga a Nachisale, aja amagulitsa tomato pamsewu, abwera nayo nkhani: "Mwana wanu ali pa Chimbiya, kuseri kwa ometa tsitsi, kosewera magemu a mpira pa TV kuja." Pa Chimbiya! Wapansi! Munthu amene amati kumjigo n'kutali.

Chondipweteka n'chakuti sanasewere n'komwe. A Nachisale akuti anangoima pazenera mpaka dzuwa kupendeka, kuonerera zala za anzake.

Wafika milomo itauma gwa. Ndinakonza mawu ambiri, koma ndangomupatsa madzi.

Lachisanu

Lero ndakhala pakhomo ndi lichero, iye m'kati ndi buku. Wotuluka adumphe ine.

Zomwe akudziwa:
– Malamulo, onse, ngakhale mosokoneza
– masakramenti, asanu
– mphatso za Mzimu Woyera, zinayi ndi kuyasamula

Mutu ulipo, mwana uyu! Nthawi ina anaseka nditalakwitsa ine. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata kumano.

Tiana ta pamudzi tikungozungulira nyumba. "Odi! Foni yabwera?" Satana, osati kufunsa ngati Yamikani ali bwino. Pabwalo pamene ankamenyerapo chikulunga pamera chisoso.

Ndasita malaya ake oyera. Mawa tipambana.

Loweruka

Wanyamuka bwinobwino, wosamba, wodzola, buku m'manja. Ndamuperekeza ndi maso mpaka pamabulugamu.

Pasanapite nthawi, njinga yamoto pakhomo. Che Saidi! Anyamata awo apeza jumbo posankha mbatatesi, iwo akumbukira mwini thumba.

"Mayi, katundu wa eni ine sindigona naye. Ndakumana ndi mnyamata wanu panjirapo, ndampatsa. Musadandaule, ndaitchajanso, yadzadza."

Yadzadza!

Ndagwada, ndathokoza, ndawapatsa kabichi awiri. Nanga ndikanatani? Anthu onse akuba ali m'dziko muno, thumba langa n'kukagwera kwa munthu wachilungamo.

Ndathamanga osatseka ndi chitseko chomwe. Ndakumana ndi ana akutuluka m'mayeso. Akatekisiti angopukusa mutu: "Taitana dzina lake, amayi, kuitana ndithu. Zii." Ndamupeza kuseri kwa tchalitchi chomwecho, watsamira khoma, foni m'manja, buku wakhalira kuti kabudula asade. Anafika nthawi yabwino. Khoma lokha ndi limene linamulekanitsa ndi mayeso.

"Amayi, ayamba kale?"

Sindinamumenye.

Lamulungu

Chifunga, chisanu, Misa. Awerenga mayina a odzalimbitsidwa. Mwana wa a Nachisale alimo. Ngakhale kamtsikana kachibwibwi ka kutsidya kalimo. Amayi akululutira, nanenso ndalulutira, poti pakhosi n'panga koma ulemu ndi wa mudzi.

Bambo ake andinong'oneza: "Chaka chamawa chiliponso." Chiliponso, inde. Foninso iliko.

Sindimulandanso. Ndatopa, ndipo ndilibe pena pobisa.

Nthawi yogwada ndayang'ana kumbali ya anyamata. Yamikani wagwada kuposa onse, mutu pansi, manja pamodzi kunsi kwa benchi, osatembenuka ngakhale pang'ono. Anthu akhala pansi, iye akadagwadabe. Kakuwala kakumuomba pachibwano.

Potuluka, a Naphiri, apampando a mphakati wathu, andigwira dzanja misozi ili m'maso. "Amake Yami, musataye mtima ndi za mayesozo. Mwana wanu amapemphera! Akanakhala ana athu onse otero."

Ndati zikomo.