Chimbale Changa cha Chaka Chinatikankhitsa Minibasi

Anzanga, ine Disembala akafika ndimasanduka jaji wa nyimbo wosalembedwa ntchito. Chaka chonse ndimakhalira kumvera za roko ndi za indi, zija za timagulu tojambulira m'garaja, toti ngakhale amayi awo sadziwa kuti ana awo amaimba, kenako ndimalengeza kwa anzanga chimbale chomwe chaposa zonse. Anandipempha ndani? Palibe. Chaka chino chinapambana ndi cha anyamata ena a kudziko lozizira, ndipo ndinkachikonda kwambiri chifukwa Ntcheu yense wochidziwa ndinali ndekha.

Ndiye Loweruka lina ndinanyamuka pa boma kupita ku Kasinje kukaonekera kwawo kwa chibwenzi changa, Tadala. Malume ake, a Ngozo, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, anali atabwera kudzagula feteleza, choncho tinakwera minibasi imodzi. Tadala anali atandichenjeza kale: "Malume akakukana, zathera pomwepo. Uzingoti eya, usakayambe zako zija."

Titangonyamuka, dalaivala akuti, "Fulashi yanga yafa, alipo ali ndi nyimbo pafoni?" Munthu wanzeru akanayang'ana kuwindo. Ine dzanja m'mwamba ngati mwana wa sitandade wani! Mumtima ndikuti lero anthu a Mulunguwa amveko nyimbo zenizeni. Ndinalumikiza foni ku wailesi, koma chimbalecho chimayamba ndi kachetechete wautali, eni ake amati ndi luso, ndiye dalaivala anakweza voliyumu mpaka kumapeto, osamva kanthu, n'kungoti, "Zakanika achimwene, zisiyeni."

Tikulowa m'chigwa cha Bwanje, gitala wa m'chimbale chija anatulukira. Kwiiiii! Kenako gudugudu pansi pa mipando. Dalaivala buleki ji! "Fanibeluti! Tsikani nonse!" Anazimitsa injini, wailesi nayo zii, phokoso kutha. "Mwamva? Ndi injini imeneyo."

Apa m'pamene ndikanalankhula. Koma inu, ndikanayambira pati kuuza malume kuti chomwe chikumveka ngati galimoto ikumwalira ndi nyimbo yanga yapamtima? Ndinatsika nawo, mpaka kusuzumira nawo injini, uku ndikupukusa mutu, "Eee, yatha ndithu." Ine, munthu wolephera kubwezera tcheni cha njinga!

Dalaivala anagwiragwira, osapeza vuto. Poti alize, batire lakana. "Azibambo, tikankhe." Kutentha kwa ku Bwanje mumakudziwa inu? Tinakankha, malume jekete lili nyowee, nsapato zawo zopolisha zitafiira ndi fumbi, akuwefuka pambali pangapa, ine ndikuwalimbikitsa, "Pang'ono pokha, malume."

Italira tinakwera, ndipo foni yanga yokhulupirikayo inadzilumikiza yokha n'kupitiriza pomwe inalekezera, paja woimba amakuwa ngati nkhumba yagwidwa mwendo. Mayi wina wa dengu la tomato anayamba kudzudzula ziwanda m'dzina la Yesu, bambo wina wa mkanjo n'kutseka makutu akunong'ona pemphero lake. Dalaivala anayang'anitsitsa kagalasi ka wailesi n'kuwerenga mokweza, "Mfumu ya Roko yalumikizidwa. Mfumu ya Roko ndi ndani muno?"

Ndilo dzina ndinaipatsa foni yanga. Chifukwa chake musandifunse.

Kupepesa kunalipo, kwaulere. Ine ndinasankha kuphunzitsa. Ndinatembenuka n'kuuza anthu athukuta lawo kuti si phokoso ayi, ndi kulira kwa mtima wa munthu wosungulumwa, kumafunika makutu ozolowera, ndipo chimbalechi ndi chimene chaposa zonse chaka chino.

Mayi wa tomato uja akuti, "Wosungulumwayo alibe abale?"

Malume anapukuta m'khosi ndi mpango. Kenako anafunsa mofatsa, "Mwati ichi ndiye chaposa zonse?"

"Eya, malume."

"Ndiye zolepherazo zimapha anthu."

Minibasi yonse inaphulika, dalaivala mpaka kumenya chiwongolero. Njira yotsalayo tinayenda opanda nyimbo, ine mutu uli pakati pa mawondo, ndikuwerengera kuti Tadala ndamutaya chifukwa cha azungu oti sadziwa n'komwe kuti ndili moyo.

Titafika, anatiyalira mphasa, abale onse atazungulira, malume n'kukonza kukhosi. "Mnyamatayu ndayenda naye. Ulemu ali nawo, galimoto amakankha bwino, mwana wathu sadzagona panjira. Ine ndavomera." Mtima wanga pansi khuu. Iwo n'kutembenukira kwa mwana wa mlongo wawoyo. "Koma iwe Tadala, umaimba kwaya. Tsiku limene bamboyu adzakuuze kuti waimba bwino, udzapite kuchipatala."

Chaka chamawa chimbale changa chopambana ndidzachilengeza ndili ndekha m'chipinda, chitseko chokhoma. Ndipo dalaivala akadzafunsanso za nyimbo, ine foni ndilibe, inabedwa ku Balaka.