Thiransifoma Yathu Iyenera Kukhoza

Lolemba
Ine bambo a Esinati, wa ku Chinsapo, zaka 74. Kulemba ndinaphunzira ku sukulu ya kwacha, tsono ndimapita pang'onopang'ono.

Thiransifoma yathu inapsa mwezi watha. Lero a magetsi abweretsa yatsopano, aikweza pamitengo iwiri pafupi ndi mpanda wanga. Koma osayatsa! Ati mpaka woyendera adzaione Lachisanu, asaine pepala loti siingaphe munthu.

Loweruka ndi chinkhoswe cha Esinati, chitsirizira wanga. Nkhuku khumi ndi ziwiri zikufuna firiji. Zoimbira zikufuna moto. Iyenera kukhoza basi.

Lachiwiri
Oyendera ndimawadziwa ine. Ndinasesa pasukulu mpaka kupuma ntchito. Woyendera amaona ukhondo. Zofunika:
kusesa
laimu
maluwa
mpando wa mlendo

Ndasesa. Maluwa ali m'zitini. Anambewe, mayi akunyumba, akuti: "Chikwatirane simunagwirepo tsache pakhomo pano, lero mukusesera chitsulo cha eni!"

Lachitatu
Tsiku la laimu. Mitengo yonse iwiri mbee! Pathupi pa thiransifoma pali kachitsulo kodzaza timanambala, kakungoipitsa. Ndamanga bulashi kunsungwi, ndakapaka kawiri. Chikwangwani chojambula chigaza cha munthu ndapakanso. Akuchimuna achoke ku Ntcheu kudzalandiridwa ndi chigaza? Ayi.

A Gama, aneba owotcherera zitseko: "Madala, mwaikongoletsa ngati manda a bwana." Nsanje chabe.

Lachinayi
Vuto! Pali waya wakopa wotsika ndi mtengo kulowa m'nthaka. Wotereyu akuba sagona naye tulo. Akabedwa lero, mawa talephera. Ndabwereka pulayala kwa a Gama, ndamudula mosamala pamene dzanja lafika, ndamukulunga. Ali pansi pa bedi, palibe angamukhudze.

Nkhuku taphera limodzi zonse, poti moto ukubwera mawa. Anambewe amati tidikire. Ndalamula ndine.

Lachisanu
Woyendera ndi mayi, chipewa cholimba kumutu. Pampando sakukhala. Maluwa sakuwaona n'komwe. Akufuna:
nambala ya pa kachitsulo kaja, ifanane ndi ya papepala la kumene inayesedwa
chikwangwani chochenjeza anthu
waya wapansi, ati ndiye amatsitsira moto m'nthaka zikavuta

Aima pamtengo. "Akuba afika kale?"

"Ayi mayi, ndasunga!" Ndathamanga kukamutenga.

Amuyang'ana wayayo nthawi yaitali. Kenako ayang'ana nsungwi yanga yotsamira mpanda. "Bambo, mawaya apamwambawo ali ndi moto. Mulungu amakukondani inu."

Sanasaine. Ati waya wodula samangidwa mfundo, pabwera watsopano, ndipo kachitsuloko adzapala okha a magetsi. Iwo abweranso pakatha masabata awiri. Ndawatsatira mpaka pagalimoto, chipewa m'manja, ndikufotokoza za chinkhoswe. Ati: "Ndikasaina lero, anthu a chinkhoswewo adzabweranso kudzalira." Galimoto vuu.

Sindinagonje. Nkhuku zonse zikazingidwe lero lomwe!

Loweruka
Kutentha kwake! Nkhuku zinayi zamveka fungo, agalu a kwa a Gama ndi amene achita chinkhoswe. Zoimbira zili duu pakhonde. Amayi a mvano akuimba pakamwa, ndowa ndiyo ng'oma. Anthu avina ndithu, koma neba aliyense akafika pomwe ndakhala, nyimbo imamuthera.

Malume ake a mnyamata, poona mitengo yoyera ija: "Koma kuno kuli anthu aukhondo!" Munthu mmodzi yekha wozindikira, nayenso wa ku Ntcheu.

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, njira yake imadutsa makomo ambiri opanda magetsi. Nsungwi Anambewe aiwaza nkhuni. Ndikupala chikwangwani ndi supuni pamene ndikufikira. Diso limodzi la chigaza latuluka.

Esinati wandibweretsera tiyi, wagwada. "Ababa, ukwati wanga ukamayandikira, chonde musadzakonze chilichonse."

Ndavomera.

Amene adzawerenge kope ili andilembere: laimu wopaka kawiri amachoka ndi chiyani?