Sabata Yopatulira Foni

Lolemba

Ndikulemba Mphatso ali kubere, zilembo zikapindika si ine.

Abambo a Mphatso aimba kuchokera ku Joni pa kafoni ka mabatani ka achemwali anga. Akuti Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi aimba moonana, amuone mwana. Sanamuonepo chibadwire, ananyamuka ndili ndi pakati. Chomwe akufuna kuona ndikuchidziwa: makutu. Apongozi akhala akuuza anthu kuchigayo kuti makutu a Mphatso si a kwawo. Akuti kwawo makutu amaima ngati zogwirira za poto, a mwanayu ndi ogona. Nanga asagone? Mwana amawagonera! Lakumanzere layamba kale kuima pang'ono, ndayang'ana.

Vuto ndi foni yomwe ananditumizira. Ndi ya kaunjika. Ndikadina kobiriwira koimbirana moonana, ikungolemba Chingerezi. A Nyirenda, anamwino a kusikelo kuno ku Chifunga, andiwerengera: "Mayi, yadzaza. Ilibe malo." Yadzaza chiyani? Ine sindinaikemo kanthu!

Zochita:
- mawa ku Zalewa kwa a Jeke okonza mafoni
- kumugoneka Mphatso chagada, makutu apume
- chipewa ayi mpaka Lamulungu
- osalira

Lachiwiri

Zatheka! A Jeke ndi munthu wa Mulungu!

Kashopu kawo kali kuseri kwa okazinga tchipisi. Akuti foni imabwera ndi ubongo wake kuchokera kufakitale, wodzaza zinyalala zomwe munthu wa kuno sazifuna. Mankhwala ake n'kuifulasha: kukhuthula ubongo wonse, kuthiramo wina. Winawo ali nawo mu laputopu. Koma tisanathire, akuti, tiuchepetse kaye. Anditembenuzira laputopu, tizithunzi tili ndandanda. "Lozani zomwe simukuzifuna, ine ndizingodina." Iwo maso ali pa mpira wa pa TV ya ometa tsitsi.

Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Sabata yathayi ndimapatulira chimanga. Phando limodzi, mbewu imodzi. Ziwiri zikafanana, zula yofooka, usamve chisoni.

Ndazula:
- wotchi, dzuwa lilipo
- kalendala, ya tchalitchi ili pakhoma
- kagudumu ka mano, njinga ndilibe
- mapu, kwathu ndimakudziwa
- kabelu, sindili pasukulu
- ka zilembo zambirimbiri
- makamera anali awiri, ndasiya wonenepayo
- zina za maina aataliatali zopanda chithunzi, zooneka ngati kaufiti

Mpira utatha a Jeke ayang'ana. "Eee mayi, simunaonjeze? Koma taonani kupepuka kwake!" Athira. Foni ikuyaka ngati machesi. Ngakhale m'manja yapepuka, ndalumbira.

Lachitatu

Foni ili duu. Achemwali abwera akuthamanga: "Iwe, amuna ako akuimba chiyambire m'mawa, bwanji sukuyankha?"

Kabelu kaja! Kanali kolira!

Ndati ndiwalembere kuti pepani. Ndadina polembera. Palibe chikutuluka. Ndadinanso ndi chala china. Zilembo zija ndinazula ndekha. Mayo ine!

Munthu ali ku Joni. Mkazi sakuyankha foni. Amayi ake akukamba za makutu. Aganiza chiyani? Ndikudziwa chomwe aganize.

Ndaika foni m'beseni lachitsulo kuti ikanjenjemera ndimve. Yanjenjemera masana ndili kudimba. Akuti nkhuku zonse zinathawa, mbuzi ya oyandikana nawo inadula chingwe. Pofika ine yaduka.

Khutu lakumanja likadali logona. Ndalipaka mafuta, ndalikokera kunja pang'ono. Wandiluma.

Lachinayi

Tsopano kobiriwira kakukana ndi kutseguka komwe.

Ndathamangira kwa a Nyirenda, ndawapeza akumwa tiyi. Akuti foni ikuganiza kuti tili chaka china chakalekale, ine ndisanabadwe, ndiye kobiriwirako kakuti sikangagwire ntchito pakuti sikanapangidwe. Eti!

"Tingokonza tsiku basi," akutero. Afunafuna. Apita uku, abwerera uku. "Mayi, kagudumu kali kuti?"

Ndawauza za njinga.

Avula magalasi, apukuta, avalanso. Akuti opaleshoni yomwe ndachita ndi yaikulu, wodwalayu akupuma mwa chisomo.

Kunyumba ndayesa kuiuza tsiku pakamwa. Ndaitsamiritsa pa kalendala kuti idzionere. Ndaiika pafupi ndi wailesi nthawi ya nkhani. Palibe.

Apongozi atumiza uthenga. Lamulungu adzakhala pamphasa pompo poimbapo. Akubwera ndi akulu awo a Nasibeko, amene akuti amadziwa makutu a mtundu wonse mpaka a omwe ali kumanda.

Sindinadye.

Lachisanu

Ku Zalewa. Ndikufuna zonse zibwerere, ngakhale kaufiti.

Pakhomo pa a Jeke anthu ali piringupiringu. Wakabaza akukalipa kuti makasitomala ake sakumupeza. Mayi wogulitsa malambe akuti foni yake yaiwala mwana wake yemwe. Abusa ena aima pambali, akusisita foni ngati mwana wodwala. Ulaliki wa Lamulungu uli momo, sukutuluka.

Nkhani yake ndi iyi. A Jeke anaukonda ubongo wanga wopepuka uja. Wathunthu wakale anaufufuta kuti apeze malo osungira mavidiyo a ukwati. Chiyambire Lachiwiri, aliyense wobwera ndi foni yodzaza akumuthira wangawo. Anaupatsa ndi dzina lomwe! Ndaliona ndi maso anga pa laputopu, zilembo zikuluzikulu: AMAKE MPHATSO.

Wakabaza: "Amake Mphatso ameneyo ndi ndani? Ndingomuona nkhope!"

Mphatso ali kumsana kwanga, akuseka.

Ndati mokweza, "Tonthola Yohane, tonthola." Mwana wosalira.

A Jeke andinong'oneza kuti ndisiye foni, akapempha ubongo wina kwa mnzawo wa ku Mwanza. Ndakwera minibasi chitenje chili kumutu. Abusa aja akwera yomweyo. Andipempha kuti tipempherere limodzi mayi ameneyo, kulikonse ali. Ndatseka maso. Ameni wanga anamveka mpaka kwa dalaivala.

Loweruka

Foni yabwera ndi kondakitala. Ubongo ndi wa foni ya mtundu wina, koma a Jeke akuti ndi pachibale.

Zomwe zabwerera:
- tsiku
- kulira, koma ikulira ngati tambala, kusintha sizikutheka, tambala wathu wakwiya
- zilembo, koma zokhotakhota ngati nyongolotsi, palibe akuzidziwa
- kobiriwira kakutseguka! Aleluya!

Kamera yakutsogolo sinabwerere. Yakumbuyo ikuona, koma chadodolido. Ndazondotsa foni, chithunzi nachonso chazondoka, makani. Achemwali akuti timugwire mwana miyendo m'mwamba. Ndakana. Komanso ikuona chapafupi chokha, ukangotalikira pang'ono munthu akusanduka utsi.

Tayeserera tsiku lonse. Achemwali agwira mutu, ine ndibweretsa foni pafupi ndi khutu lakumanzere, loimalo. Lakumanja tidzati netiweki yavuta.

Ambuye, Lamulungu limodzi lokha ili ndithandizeni.

Lamulungu

Onse ali pamphasa. Apongozi, a Nasibeko, achemwali. Mphatso wasamba, mafuta ali nyezinyezi. Tambala walira, tonse dzidzimu. Ndi weniweni. Kenako walira wa m'foni.

"Halo! Halo! Ndikuona utsi!"

Mawu a amuna anga! Ndayandikitsa foni kukhutu monga tinapanganira. Mphatso wamva munthu akulankhula, watembenuka, manja onse awiri gwi, foni m'kamwa.

Mawu a abambo ake akutuluka m'kamwa mwa mwana. "Ndikuona mano! Ndi akumwamba kapena akumunsi? Eee, kummero kwake! Mwana wanga ameneyu!"

Apongozi akukuwa: "Makutu! Muonetseni makutu!" Akukoka. Mphatso sakulola. Pomwe tailanda, dovu lili chuchuchu. Yaphethira, yazima. Siikuyakanso.

A Nasibeko amutembenuza mwana uku ndi uku ngati dzungu pamsika. Akuti lakumanzere ndi lathu, lakumanja tidikire. Anyamuka atamaliza nkhuku yanga.

Chakumadzulo abambo a Mphatso aimba pa foni ya achemwali. Ndawauza zonse, mpaka za abusa. Aseka mpaka kutsamwa. Akuti za makutu ndi za amayi awo, iwo amangofuna aone ngati mwana akudya, ndipo aona njira yonse yomwe chakudya chimadutsa. Zotsalazo adzadzionera okha tikakolola.

Foni yagona m'thumba la mpunga, akuti umayamwa madzi. Ku Zalewa sindipondako chaka chino.

"Koma amake Mphatso," akutero pomaliza, "pamwanapo musachotsepo kanthu. Ngakhale mupeze ziwiri zofanana."

Ndavomera. Nanga n'kutani.