Kugawa Katundu Mwini Ndili Moyo

Lolemba

Amene anandiuza kuti chinthu sichitayidwa ndi malemu amalume anga a Gwireni a ku Malingunde. Ankati, "Msomali wopindika sudya ufa wako, usiye ugone." Ine mawu ndimasunga, zinthunso ndimasunga. Kulemba kokhaku ndaphunzira imvi zili mbuu, kusukulu ya kwacha, ndiye zilembo zikapendama ndi zanga zomwe.

Nkhani ndi iyi. Mwana wathu Esinati waimba foni. Akuchoka ku esiteti, afika Lamulungu ndi khanda la miyezi iwiri. Chipinda choti agonemo chilipo, koma chitseko chake chimatseguka theka. Akazi anga, Anaphiri, akuti: "Pofika Loweruka ndione pansi pa chipindacho. Mdzukulu wanga sagona ndi makoswe."

Ndalowa chammbali. Ndapeza:
mawailesi atatu, onse osalankhula
matayala awiri, njinga yake tinagulitsa kalekale
nsapato zinayi, zonse za kumanzere
makasu akutha, mipini chiswe chinadya
zivindikiro zopanda mapoto
matumba a feteleza mpaka kudenga

Kantchito aka? Masiku awiri basi!

Lachiwiri

Madengu atatu kudzala. Vuto ndi lakuti chilichonse chili ndi nkhani yake. Ndanyamula chivindikiro chabuluu, ndayamba kuwakumbutsa Anaphiri za poto wake, uja anaphikira nkhuku tsiku la chinkhoswe chathu. Akuti, "Ndinalipo. Tayani."

Masana ndapita kudzala kukangoona. Khasu lija lingathe kupalira ndiwo kudimba. Mabotolo ndi a mbewu. Wailesi imodzi ndaigwedeza, yachita phokoso m'kati, ndiye kuti moyo ulimo.

Anaphiri akuti sanaonepo dengu lopita kudzala lopepuka n'kubwerako lolemera.

Lachitatu

Nzeru zabwera! Kutaya kumandipweteka, koma kupatsa munthu si kutaya.

Wailesi yaikulu kwa a Chikuse, oyandikana nafe. Matayala kwa a Jere a kabaza. Chikhothi changa cha m'nyengo yozizira kwa alamu. Chipewa, tochi, sikelo yothyoka, zonse ndayenda nazo khomo ndi khomo, aliyense ndikumuuza mbiri ya chinthucho kuti achisamale.

A Chikuse alandira ndi manja awiri, andiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, m'thupimu muli bwino?" Ndati ndili gwa ngati mwala.

Pansi paoneka! Kamalo kokwana mphasa imodzi. Anaphiri andiikira shuga masipuni atatu.

Lachinayi

A Chikuse abweza wailesi m'mamawa. Akuti katundu wa munthu timagawa titachoka kumanda, osati mwini akuyenda ndi miyendo yake. Akuti nkhalamba ikayamba kugawa zovala ndiye kuti yaona kanthu. Ine ndaona chiyani? Ndaona makoswe!

Alamu abweza chikhothi, achichapa, achipinda bwinobwino.

Ndili panazale kuthirira fodya, andiitana kuti kunyumba kwabwera amayi a kumpingo kudzaona wodwala. Ndafunsa kuti wadwala ndani. Ndine. Andikhazika pamphasa, nyimbo zitatu, pemphero lalitali. Kukana pemphero sungathe. Ndati ameni, matope a kunazale ali m'miyendo.

Anaphiri aseka kukhitchini mpaka kutsokomola.

Lachisanu

A Jere nkhani aikweza pa kabaza mpaka ku Nathenje. Mlongo wanga Nabanda wafika pa njinga yamoto, kulira wayambira kumsewu. Wabwera ndi:
mphasa ziwiri
bulangete
ndowa ndi mbale, zochuluka ngati tidyetsa mudzi
thumba la makala

Sananene kuti n'za chiyani. Ndadziwa.

Ndadumpha pamaso pake kuti aone mphamvu. Bondo lalira kuti phwa! Iye kwa Anaphiri: "Mwamva, alamu? Ndi mmene anayambira amalume."

Zonsezi zalowa m'chipinda chomwe chija. A Jere abweza matayala awiri, awonjezerapo lachitatu lopepesera. Nsapato za kumanzere tsopano zilipo zisanu. Yachisanuyo mwini wake sindikumudziwa.

Loweruka

Chitseko chakaniratu. Anaphiri sakusekanso. "Abambo a Esinati, mwana uja agona pati?"

Wogula zitsulo wa ku Mitundu wadutsa ndi njinga yake. Mwayi! Ndatulutsa makasu pawindo. Nabanda wamuthamangitsa ndi chipande: "Munthu akupuma, inu mwayamba kale kutola?"

Dzuwa litapendeka, ngolo yaima pabwalo. Esinati! Tsiku lisanakwane, maso ofiira, khanda kumsana. Nayenso uthenga unamupeza. Wandigwira manja onse awiri, kenako akuti, "Ababa, musadzachitenso zimenezi." Ndafuna kufotokoza kuyambira Lolemba, mawu akana kutuluka. Ine amene! Andipatsa mdzukulu. Wopepuka ngati nkhunda, mphuno yanga yeniyeni, wachisoni.

Onse agona pabalaza, mothithikana.

Lamulungu

M'mawa Esinati wakankha chitseko ndi phewa. "Inu pitani kutchalitchi, anthu akakuoneni kuti muli moyo. Ine nditaya zonse."

Ndapita, ndaimba mokweza kuposa onse. Pobwera ndayamba ndasuzumira kudzala. Mulibe kanthu. M'chipinda muli zii. Esinati wakhala pamatumba a feteleza, m'manja muli kansalu kofwifwa, kong'ambika m'mphepete. "Amayi, iyi si ija munkandiberekera? Mukanataya?" Anaphiri ayang'ana kudenga. Kani m'chipindamo si ine ndekha ndimasungamo!

Chatulukamo ndi kansaluko basi. Alowetsamo makatoni awiri a Esinati, a zinthu zomwe akuti adzaziona bwino.

Chipinda chathu tapereka kwa mayi ndi mwana. Bedi lathu tanyamula, ine kutsogolo Anaphiri kumbuyo, mpaka kuchigafa choyanikamo fodya. Fodya sanawokeredwe, mpaka adzathyoledwe tili ndi miyezi. Mphepo ikulowa mbali zonse, bwino ndithu kutentha kuno.

Anaphiri akuti, "Kunotu musabweretse ngakhale botolo limodzi."

Ndavomera. Koma malo alipo ambiri, ndaona.