Agogo anga a ku Falansa

Anzanga, khungu loyererako limapusitsa! Ine chikulire ku Area 25 ankanditcha Mzungu, ndipo kwa azakhali anga ku Kawale, pakhoma la zithunzi za abale omwalira, panali mzungu wandevu, wovala jekete la mabatani ambirimbiri. Tsiku lina ndinafunsa msuweni wanga kuti bamboyu ndani, iye osadzutsa n'komwe mutu, "Si agogo amenewo? Nanga mlendo angakhale pakhoma?"

Basitu, mutu unandikula. Munali mu 2005, makefe a intaneti atangoyamba kutchuka m'tauni, ndiye ndikaweruka ku fodya ku Kanengo ulendo unali wa komweko, kukafufuza mtundu wanga. Ndinapeza kuti kalekale ku Falansa kunali Akhristu otchedwa Ahugenoti amene anathawa chizunzo, ena n'kukafika ku South Africa, ndipo zidzukulu zawo zina zinabwera kuno ndi mishoni ya Adatchi. Nanga kwathu si ku Dedza, kufupi ndi mishoni? Nanga mphuno yangayi simukuiona? Umboni wina wanji?

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufuna kukwatira Tiyamike wa ku Chilinde, koma amalume ake, aphunzitsi opuma, ankati sangapereke mwana kwa wonyamula mabelo wosadziwika mtundu. Ndinati apa ndiye ndawapezerera. Tsiku loti amalume anga akaonekere ngati ankhoswe, ndinakakamira kupita nawo, ngakhale anandiuza kuti mwini nkhani amatsala kunyumba. Chithunzi chija ndinachichotsa pakhoma azakhali ali ku kwaya, n'kuchikulunga m'chitenje.

Titapatsana moni, amalume a Tiyamike anafunsa, "Kodi mnyamatayu kwawo n'kuti?"

Amalume anga asanatsegule pakamwa, ine nyamu! "Kuchimuna ndife a ku Falansa, bambo." Ndinalakatula zonse, chizunzo, zombo, minda ya mpesa, uku amalume anga akundiponda phazi, ine osamva. Kenako ndinavundukula chitenje chija ngati ndikutsegulira mlatho.

Mkulu uja anavala magalasi, anayang'anitsitsa, n'kulowa kuchipinda. Mumtima ndinati eya, akukatenga mpando woyenera mdzukulu wa azungu. Anatuluka ndi felemu yafumbi m'manja. Mayo ine! Mzungu yemweyo, ndevu zomwezo, mabatani omwewo.

"Mwana wanga," anatero modekha, "ngati awa ndi agogo anu, ukwati palibe, poti kwathunso akhala pakhoma zaka zambiri. Ndiye kuti inu ndi Tiyamike ndinu pachibale."

Apa ndinaona mkazi akundipulumuka chifukwa cha pakamwa panga. Amalume anga, akupukuta misozi ya phwete, ndiwo anandiwombola. Anati bambo a azakhali aja pobwera kumigodi ku Joni anagula felemuyo mzunguyo ali kale momwemo, wongoonetsera malonda, ndipo ankati adzamuchotsa akadzajambulitsa chawo, mpaka anamwalira osajambulitsa.

"Athunso chimodzimodzi," anatero mkulu uja, akuseka mpaka kutsokomola. "Mwina sitolo yake inali imodzi."

Tiyamike amalume akewo anandipatsa ndithu, ati munthu woseketsa chonchi mwana wawo sadzasungulumwa naye, koma mpaka lero ndikafika ku Chilinde ana amakuwa kuti alamu a ku Falansa afika. Zofufuza makolo ndinasiyira pomwepo. Ine ndine Phiri wa ku Dedza, ndipo ndikagula felemu, mlendo wam'katimo ndimamusiya musitolo momwemo, asadzasokoneze ana anga.